Magudumu a Mzee Sandhu

Spring Valley, Nairobi
9 Malichi 1997

Okondedwa Bambo,

Landirani moni wochokera kwa mwana wanu Sylvester. Ndikhulupirira kuti inu ndi mlongo wanga Dinah muli bwino kumeneko ku Bangwe. Kunena ine ndili bwino.

Nkhani yoyamba si yabwino. Abusa aja ankandilipirira sukulu ya zamagetsi abwerera kwawo, ndipo amene alowa m'malo mwawo anena kuti thumba lija latsekedwa. Kunanditsalira chaka chimodzi kuti ndimalize. Musade nkhawa, sindinagone panja. Achimwene a Matthews, Mmalawi mnzathu wa ku Mulanje amene amagwira ntchito ku tchalitchi ku Kangemi, anandisunga, kenaka anandipezera ntchito kwa mkulu wina wachimwenye, wa aja ovala nduwira, dzina lawo a Mzee Sandhu. Mzee ndi mmene amatchulira munthu wamkulu kuno.

Mudabwa kumva kuti nawonso ndi a njanji ngati inu. Anali injiniya ku wekishopu ya sitima mpaka anapuma. Akazi awo anamwalira, mwana wawo Harjit amakhala ku Canada. M'nyumba mwawo muli chipinda chachikulu ngati nyumba yathu yonse, ndipo m'menemo anayalamo njanji yaing'ono pamatebulo. Muli masiteshoni, milatho, mapiri a pepala, ndi tisitima toyendera magetsi. Bogi imodzi imakwana m'dzanja. Vuto ndi lakuti a Mzee ali ndi matenda onjenjemeretsa thupi, moti kasikuluwu sangakagwire. Amafuna munthu wodziwa mawaya komanso wa maso akuthwa.

Ntchito yandiyambira pa magudumu. Mabogi awo anagulidwa zaka zosiyanasiyana, ena ali ndi magudumu a pulasitiki, ena achitsulo, ndiye akufuna kudziwa abwino ndi ati asanaitanitse atsopano kunja. Timaika bogi pamwamba pa kanjanji kotsetsereka, ndimaitaya, nkuona pamene yakaima. Kenaka ndimasintha magudumu ndi kuyambiranso.

Ndimagona m'nyumba ya antchito kuseri. Ndikasunga pang'ono ndibwerera kusukulu chaka chamawa. Harjit anabwera pa tchuthi, ndipo watenga pasipoti yanga kuti akaipereke kwa loya wawo, andikonzere chilolezo cha ntchito, chifukwa cha sukulu chija chikutha posachedwa.

Mundiuze za kwathu. Denga la khitchini munakonza?

Ndine mwana wanu,
Sylvester

Bangwe, Limbe
20 Epulo 1997

Mwana wanga Sylvester,

Kalata yako ndalandira. Ife kuno tiliko. Mlongo wako akupereka moni.

Za sukulu zandipweteka, koma si mlandu wako. Chimene sindikumvetsa ndi ntchito wapezayo. Ine ndinakalambira ku wekishopu ya ku Limbe ndikugogoda magudumu ndi hamala, kumvetsera ngati lina lachita mng'alu. Gudumu la sitima amuna anayi sangalinyamule. Lero mwana amene ndinamuperekeza ku depoti monyadira akundilembera za gudumu longa batani la malaya. Anzanga akandifunsa ku tchalitchi ndimangoti uli pa ntchito ya zamagetsi.

Pasipoti sapatsa munthu, ngakhale akhale wolemera bwanji. Uilondole msanga.

Maso anga ayamba kuchita nkhungu. Kuchipatala akuti ndi shuga. Ukapeza kangachepe utumize ka mankhwala, koma usadzimane chakudya. Denga tinakonza.

Tsopano undiyankhe ichi, popeza wayamba kale nkhaniyi. Magudumu awiriwo amamangidwa pa ekiselo imodzi, chitsulo chowalumikiza chija, ngati enieni, kapena lililonse limazungulira palokha ngati a galimoto ya mawaya? Nanga mlomo uja wa mkati, wogwira njanji kuti sitima isatuluke, ulipo? Ngati palibe, mkulu wakoyo sanagwirepo njanji.

Ndine bambo ako,
Titus Namaona

Spring Valley, Nairobi
2 Ogasiti 1997

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu ndi Dinah. Maso akupeza bwanji? Ndapatsira mayi wina wa ku Zingwangwa amene anabwera ku msonkhano wa tchalitchi ka mankhwala kaja, akupezani.

Mafunso anu ndinawamasulira a Mzee m'Chingerezi. Anaseka mpaka kutsokomola, nkuti, "Uwauze bambo ako kuti ekiselo ndi imodzi, mlomo ulipo, ndipo mlomowo ndi umene ukundiwawitsa mutu."

Nkhani yake ili chonchi. Mabogi akale a ku England milomo yake ndi yakuya kwambiri. Pa njanji yakale ankayenda bwino, koma a Mzee anayala njanji yatsopano yopyapyala, ndiye mlomo umagunda mitanda ya pansi, bogi nkumayenda modumphadumpha ngati ngolo pa msewu wokumbika. Magudumu atsopano a ku America milomo yake ndi yaifupi. Amaoneka ngati enieni ndipo amayenda mosalala, koma njanji ikangopotoka pang'ono penapake amatuluka.

Za pulasitiki ndi chitsulo taona izi. A pulasitiki ndi otchipa ndipo sasokosa, koma amatola litsiro. Pakangotha mwezi amakhala ndi nkhanambo yakuda imene ndimapala ndi kamtengo ka machesi. Litsirolo amalipakanso pa njanji, injini nkumasowa magetsi. Achitsulo ndi olemera, bogi imakhazikika, ndipo pa kanjanji kotsetsereka kaja amawasiya patali a pulasitiki. Akamadutsa polumikizira njanji amalira kuti ke-ke, ke-ke, ndipo a Mzee amatsinzina kuti amve bwino. Koma achitsulo ali ndi msampha wake. Magetsi amayenda m'njanji ziwirizo, ndiye gudumu limodzi liyenera kukhala ndi kapulasitiki pakati kolilekanitsa ndi ekiselo. Likapezeka lopanda kapulasitikiko, chipinda chonse chimaima. Sabata yatha ndinasaka lotere kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

A Mzee akufunsa kuti hamala yanu inkalira bwanji pa gudumu losweka.

Za pasipoti, Harjit anaimba foni, akuti ili kwa loya. Kuno zinthu za m'maofesi zimayenda pole pole, ndiye kuti pang'onopang'ono.

Ndine mwana wanu,
Sylvester

Bangwe, Limbe
30 Ogasiti 1998

Achimwene,

Muli moyo? Ndikufunsa choncho chifukwa chiphulikireni bomba lija ku Nairobi sitinamve chilichonse. Abambo anagona ndi wailesi pachifuwa sabata yonse, akumvetsera ngati atchula Mmalawi. Ngati mwalandira kalata ino yankhani tsiku lomwelo, ngakhale mzere umodzi.

Chaka chino mwalemba kamodzi kokha, ndipo theka la kalatayo linali magudumu. Munati chaka chino mubwerera kusukulu. Munabwerera? Munati Khirisimasi mubwera. Tinagula nkhuku.

Anthu kuno akulankhula. A Vailet a pa windo logulitsira madzi akuuza aliyense kuti munakwatira mkazi wa ku Kenya ndipo muli ndi mwana. Ine sindikukhulupirira, koma ndilibe chowayankha. Ngati ndi zoona tangonenani, palibe amene akumenyeni.

Abambo diso la kumanja latsekeratu. La kumanzere amangoona mthunzi. Kuwerenga anasiya, ndine ndimawawerengera makalata anu, ndipo za magudumuzo amandiuza kuti ndibwereze kawiri. Ndine ndimawabaya jakisoni, ndine ndimawatsogolera kuchimbudzi kukada.

Pali nkhani ina imene ndimafuna ndikuuzeni pamaso. Ndinasankhidwa kukaphunzira zauphunzitsi ku Kasungu. Dzina langa linatuluka m'nyuzi. Ndalemba kalata yopempha kuti andisungire malo mpaka chaka chamawa, ndipo ndawauza kuti mchimwene wanga ali m'njira kudzasamala bambo. Ndanena bodza kapena zoona?

Ndine mlongo wanu,
Dinah

Spring Valley, Nairobi
27 Sepitembala 1998

Chemwali Dinah,

Ndili moyo. Bomba linaphulika m'tauni, kuno tinangomva mawindo akunjenjemera. Pepani kuti ndinakusowetsani mtendere.

Ndilibe mkazi, ndilibe mwana. Chimene ndilibenso ndi pepala lililonse londilola kukhala m'dziko lino. Chilolezo cha sukulu chinatha chaka chatha. Pasipoti ikadali kwa loya. Harjit akaimba foni amati kwatsala siginecha imodzi, ndipo mwezi wotsatira amanenanso zomwezo. Sindinkafuna kukuuza chifukwa ndinkati zitha posachedwa.

Ndikufotokozere zimene zinandichitikira, mwina umvetsa. A Mzee anakana kutaya magudumu akale aja a milomo yakuya. Anati kuli wokonza mawotchi ku Eastleigh amene ali ndi kamakina kosemera zitsulo zazing'ono, angathe kuchepetsa milomoyo. Ndinakulunga magudumu m'kampango, ndinakwera matatu, ndiye minibasi za kuno. Eastleigh ndi ngati Limbe yonse ataipanikiza mu msewu umodzi: masitolo a katundu wa pikulitsa, matope, anthu, ngolo zokoka ndi manja zimene amati mkokoteni. Nditatuluka kwa wamawotchi uja ndinangoona anthu akuthamanga. Apolisi anali atatseka msewu uku ndi uku, akufunsa aliyense chitupa. Chichitikireni za bomba akumachita zimenezi kawirikawiri. Amene analibe ankawakweza m'lole.

Pafupi nane panali bambo wina akukoka mkokoteni wodzaza ndi matiresi. Ndinavula jekete, ndinagwira kumbuyo kwa ngoloyo, ndinaweramitsa mutu nkuyamba kukankha. Bamboyo anacheuka, anandiyang'ana, nkupitiriza kukoka. Tinadutsa pakati pa apolisi chomwecho. Titakhota pa kona anaima nkuti, "Nenda," ndiye kuti pita. Sindinathe ngakhale kumuthokoza.

Chiyambire tsiku limenelo sindinatulukenso pageti. Ku Kangemi kukapemphera ndinasiya. Achimwene a Matthews ndi amene amabwera kudzatenga makalata angawa kukaponya. Mpanda wa nyumba ino ndi wa maluwa okongola, ndipo ndikuudziwa tsamba lililonse.

Ndanyadira kwambiri za Kasungu. Sunanene bodza. Pasipoti ikangotuluka ndikwera basi. Abambo usawauze zonsezi, shuga angakwere.

Ndine mchimwene wako,
Sylvester

Bangwe, Limbe
14 Febuluwale 1999

Mwana wanga Sylvester,

Akulemba ndi Dinah, mawu ndi anga.

Kalata yako anandiwerengera yonse. Ndinamuuza kuti akadumpha mzere ndidziwa. Za Eastleigh zandimvetsa chisoni. Wachita bwino kukhala m'geti. Ndende ya kwa eni si malo.

Uwauze a Mzee kuti gudumu labwino ukalimenya limaimba ngati belu la tchalitchi, ndipo kuimbako kumachedwa kutha. Losweka limangoti phu, ngati wamenya dzungu. Uwafunsenso ichi. Gudumu lenileni pamene limaponda njanji si pathyathyathya, ndi popendeka pang'ono, ndipo kupendekako ndi kumene kumakhotetsa sitima pa kona. Mlomo ndi mlonda chabe, sufunika kugwira ntchito tsiku lililonse. Kodi tating'ono tanuto tilinso ndi kupendeka kumeneku? Ngati a ku America ali nako, amenewo ndiye abwino, ndipo vuto lili pa njanji yanu, osati pa gudumu. Muyale bwino njanji.

Ndinakunyoza poyamba paja. Tsopano ndikuona kuti mkuluyo si wamasewera. Munthu amene anazolowera kumva sitima m'mafupa sangangokhala chete m'nyumba. Ine ndikanakhala ndi chuma chake ndikanachita zomwezo.

Usamusiye yekha. Mwana wake ali kutali, iwe ndi amene Mulungu wamupatsa. Za ine usade nkhawa, ndili ndi Dinah.

Ndine bambo ako,
Titus Namaona

Achimwene, apa ndikulemba ndekha, abambo sakudziwa. Mzere womalizawo ndaulemba monga ananenera, koma dzanja limakana. Ali ndi Dinah. Nanga Dinah ali ndi ndani? Ku Kasungu anzanga anayamba kale. Ndalembanso kalata ina yopempha. Nonse awiri mukakumana pa magudumu mumaiwala kuti pali wina amene akuchapa zofunda.
D.

Spring Valley, Nairobi
11 Juni 2000

Okondedwa Bambo ndi Dinah,

Moni nonse. Pepani kuti papita nthawi. Kalata imene ndinalemba pa Khirisimasi inabwerera kuno itanyowa, sindikudziwa kuti inakafika kuti.

A Mzee anagwa kubafa mu Novembala, anathyoka fupa la m'chiuno. Anatuluka m'chipatala ali pa njinga ya olumala. Nesi amabwera m'mawa okha. Zotsalazo ndine: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza. Ndaphunzira ngakhale kuwamanga nduwira. Poyamba inkagwera kumbali, iwo nkumati ndawasandutsa wogulitsa mtedza. Tsopano ndimamanga bwino, ndipo salola kuti nesi aigwire.

Bambo, a Mzee anavomereza mawu anu. A ku America aja ali nako kupendeka. Ndinazula njanji ya pa kona yaikulu ndi kuiyalanso, ndipo mabogi anasiya kutuluka. Anati ndikuuzeni kuti mukanakhala pafupi akanakupatsani mpando pambali pawo.

Ndinkaganiza kuti ntchito ya magudumu yatha pamenepo. Koma tsopano tili pa a injini. Amenewa ndi ovuta kuposa a mabogi, chifukwa ndi amene amakoka komanso ndi amene amamwa magetsi ku njanji. Injini zina zili ndi kamphira kozungulira gudumu. Zimenezi zimakwera phiri ndi mabogi ambiri osaterereka, koma gudumu la mphira silimwa magetsi, ndiye pa mphambano ya njanji injini imadzidzimuka kapena kuima. Mphirayo ikakalamba imatanuka nkuvuka. Za magudumu achitsulo okhaokha siziima pa mphambano, koma pa phiri zimangopalasa pamodzimodzi. Palinso kachitsulo koyezera mpata wa pakati pa magudumu awiri. Mpata ukachepa kapena kukula ngati tsitsi, injini imakwera pamwamba pa mphambano. Ndayeza injini zonse, ndipo zambiri ndazikonza.

Chimene chikundidabwitsa ndi chakuti tikangotsala pang'ono kumaliza, phukusi lina limafika. Mwezi watha kunabwera magudumu a ku Germany, akuda, osanyezimira. A Mzee amati, "Tiyese awa, kenaka tigamule." Kugamulako sikufika.

Harjit akuti loya uja anasamuka, mafayilo ali kwa wina. Ndinamupempha kuti angondibwezera pasipoti ngakhale yopanda chilolezo. Anati afunsa kaye bwino, kenaka foni inaduka.

Dinah, mawu ako aja ndinawawerenga. Ndilibe choyankha chimene chingakuthandize. Ndikamachapa zofunda za a Mzee ndimakukumbuka.

Ndine wanu,
Sylvester

Bangwe, Limbe
8 Okutobala 2000

Achimwene,

Moni. Abambo ali chimodzimodzi, kungoti phazi la kumanzere lili ndi bala limene likuchedwa kupola.

Kalata ino si yodandaula. Ndatopa nako kudandaula. Ku Kasungu andiyankha kuti ulendo uno ndi womaliza. Ndikapanda kufika mu Januwale, dzina langa alichotsa. Ndapita kwa abusa, ndapita kwa azakhali ku Chiradzulu, aliyense akuti pirira mwanawe, Mulungu akuona. Ndapirira. Anzanga amene tinasankhidwa limodzi akulandira kale malipiro.

Ndiye ndikupita. Ndakambirana ndi a Flossie oyandikana nafe, avomera kumawapatsa abambo chakudya ndi kuwabaya jakisoni. Koma a Flossie ali ndi ana awo ndi geni yawo ya makala. Kukada abambo azikhala okha m'nyumba, osaona, ndi phazi lotero.

Ndawauza. Sanakalipe. Anangoti, "Pita mwanangu, ndakuchedwetsa." Kenaka anapempha kuti ndiwaphunzitse kuyenda okha kuchokera pabedi kukafika pakhomo. Tamanga chingwe m'khoma.

Sindikudziwa za malamulo a kumeneko. Koma sindikhulupirira kuti munthu angakanike kutuluka m'dziko limene sakumufuna. Kulowa ndiye kumavuta. Kodi munapitako nokha kwa loyayo? Mukudziwa dzina lake? Munayamba mwaonapo ofesi yake?

Ine mbali yanga ndagwira. Yotsalayo ndi yanu.

Dinah

Kangemi, Nairobi
17 Disembala 2000

Chemwali Dinah,

Ukuona pamwambapa kuti ndikulembera ku Kangemi. Ndili kwa achimwene a Matthews. Ndatuluka.

Mafunso ako atatu aja anandikhala pamtima. Dzina la loya sindinkalidziwa. Zaka zonsezi sindinafunsepo, mwina chifukwa ndinkaopa yankho.

Tsiku lina masana tinali m'chipinda cha njanji, ndikuyesa magudumu a ku Germany aja. Ndinaika bogi pansi nkuwawerengera a Mzee kalata yako yonse m'Chingerezi, mpaka za chingwe cha m'khoma. Nditamaliza ndinati, "Mzee, ndipatseni dzina la loya. Ndipita ndekha, akandigwira andigwire."

A Mzee anati, "Tsegula kabati ya pansi pa siteshoni yaikulu. Kuseri kwa mabokosi a injini."

Ndimatsegula kabati imeneyo pafupifupi tsiku lililonse. Kuseri kwa mabokosiwo kunali chitini cha mabisiketi, ndipo m'menemo munali pasipoti yanga. Inali monga ndinaiperekera, yopanda chidindo chatsopano.

"Loya kulibe," anatero. "Harjit anafunsa, anamuuza kuti chilolezo cha ntchito ngati yakoyi sangapereke kwa mlendo. Anafuna kukubwezera sabata yomweyo. Ndinamuletsa ndine. Ndinati mwezi umodzi wokha, timalize za magudumu."

Ndinafunsa kuti, "Ndiye tsiku lija ndinabwera kuchokera ku Eastleigh nditatsala pang'ono kugwidwa, munkadziwa?"

Anati, "Ndinkadziwa."

Dinah, ndinkaganiza kuti ndikalipa kapena ndiphwanya njanji yonseyo. Koma ndinangokhala pansi. Munthu amene ndamusambitsa, amene ndamupukuta, amene ankafunsa za abambo ngati mbale wake. Ndinamuyang'ana ndipo ndinaona nkhalamba ya mantha, basi. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi chakuti nthawi ya tiyi itakwana ndinadzuka ndi kukawapangira, chifukwa panalibe wina.

Ndinakhalabe sabata ina kufikira Harjit atapeza nesi wogonera pomwepo. Tsiku lochoka ndinawamanga nduwira. Sanandipemphe kuti ndikhale, sanapepesenso. Anangoti, "Uwapatse moni bambo ako." Nditafika pageti ndinamva akuitana dzina langa. Sindinabwerere.

Achimwene a Matthews anandiperekeza ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka. Ndinanena zoona zokhazokha, kupatula kuti sindinatchule mwini chitini. Anandisunga tsiku lonse pa benchi, ndinalipira chindapusa, ndipo andidindira kuti ndituluke msanga komanso ndisabwerenso kwa zaka zingapo. Unanena zoona, kutuluka sikunali kovuta.

Ndidzera ku Arusha ndi Mbeya. Longeza katundu wako. Ndikubwera wopanda satifiketi, koma ndikubwera.

Sylvester

Bangwe, Limbe
25 Malichi 2001

Chemwali Dinah,

Moni kuchokera kwathu. Kalata yako tinalandira, ndipo abambo anaseka kwambiri za nyemba za ku koleji. Limbikira. Za kuno usaziganizire pa nthawi ya mayeso.

Bala lija layamba kuuma. Ndimalitsuka m'mawa ndi madzulo monga unandionetsera. A Flossie akutithandizabe ndikapita kukagwira ganyu ya mawaya, koma sinditalikira. Kampani ina ya ku Lilongwe inandiitana kuti ndikayese ntchito. Ndayankha kuti pakadali pano sindingathe. Usadzimve mlandu. Ndikungokuuza kuti udziwe kuti tsopano ndikumvetsa zimene unkalemba pansi pa makalata.

Achimwene a Matthews alemba. Akuti nesi uja sanakhalitse, wina amene anabwera pambuyo pake sanakhalitsenso. Harjit anabwera mu Febuluwale, nyumba aigulitsa, ndipo a Mzee anawapititsa ku nyumba yosungirako okalamba kunja kwa tauni. Njanji anaizula anthu a ganyu ndi zitsulo zozulira misomali. A Matthews sakudziwa kumene tisitima tinapita, ngakhale dzina la malo amene a Mzee ali.

Ndinkafuna kuti abambo asamve, koma ukuwadziwa. Anamva pepala likulira nkuti, "Werenga." Za chitini ndinali nditawauza kale nditangofika, ndipo tsiku limenelo anatukwana mawu amene sindinawamvepo m'kamwa mwawo. Ndiye ndinkayembekeza kuti anena kuti a Mzee akolola zimene anafesa.

Anakhala pakhonde mpaka dzuwa linapendeka. Kenaka anati, "Tenga pepala."

Ndinafunsa kuti tilembere ndani.

"Mkulu uja. Ulembe m'Chingerezi chabwino. Umuuze kuti anachita zoipa, ndipo ndikanakhala ndi maso ndikanabwera kudzamuuza ndekha. Ukatero udumphe mzere. Umuuze kuti inenso mwana wanga wamkazi ndinamusunga chimodzimodzi, kungoti ine ndinalibe chitini."

Ndinati, "Bambo, adiresi palibe."

Anati, "Lemba."

Ndalemba. Anaumirira kusayina okha, ndinangowaikira cholembera pa pepala. Dzina lawo latsetsereka mpaka m'mphepete. Envelopu ili pawindo, ndipo m'mawa uliwonse amandifunsa ngati a Matthews ayankha.

Abambo anati ndikutumizire mawu omwewo a za mwana wawo wamkazi aja, popeza iwe adiresi yako tili nayo.

Ndine mchimwene wako,
Sylvester